Chaka chimene Tamala anapita ku mpunga

Ndikukumbukira fungo la kumudzi kwathu, kumtunda kwa Chintheche. Mlendo ankalimva asanaone nyumba: chinangwa choviika. Banja lililonse linali ndi dziwe lake kudambo, ndipo pathandala paliponse pankangoti mbuu, chinangwa chikuuma. Ife fungolo tinali titalizolowera. Linali m'manja, m'zovala, ngakhale m'makope a kusukulu.

Azakhali athu, a Nyamwase, anakwatiwa ku Limphasa, kolima mpunga. Mpunga ukayamba kucha ankabwera kudzatenga mwana mmodzi woti akawaingitsire mbalame. Wopitayo ankakwera minibasi, n'kumakadya mpunga tsiku lililonse, osati pa Khirisimasi pokha ngati ife. Chaka chimenecho oyenera kupita tinalipo awiri, ine ndi mng'ono wanga Tamala.

Ine ndinkayesa kuti amasankha wolimbikira. Tsiku limene azakhali anafika ndinalawirira kudambo. Ndinavuula chinangwa, ndikuchidina ndi chala kuti ndimve ngati chafewa mpaka pakati, monga anandiphunzitsira amayi. Ndinachitsuka, ndinachiyanika bwinobwino, kenako ndinakakhala pamaso pa azakhali penipeni n'kuyamba kusenda china choti tikaviike, mpeni uli waliwali. Tamala anali pansi pa mtengo wa mango, akukuwa ndi kuthamangitsa nkhuku zosamulakwira.

"Koma mwana uyu ali ndi manja," anatero azakhali akundiyang'ana. Mtima wanga unali kale m'minibasi.

"N'chifukwa chake sapita," anayankha amayi osadzutsa mutu. "Akachoka ameneyu tidya chiyani? Tengani waphokosoyo, mbalame zikamumva."

Chinandiwawa koposa n'chakuti anamuveka juzi yanga yofiira, ati kumunda wa mpunga kumazizira m'mawa. Ndipo wonyamula kathumba kake mpaka pamsewu ndinali ine ndemwe.

Masabata onsewo ndinkasinja ngati mumtondomo muli Tamala. Ufa unkatuluka wosalala, amayi n'kumandiyamikira, ine n'kumapsa mtima kuposa kale. Tamala atabwerako, mawu ake anali atasasa, miyendo ili ndi zipsera za misundu, juzi yanga itabooka pachigongono. Amayi anati, "Waona? Unapulumuka iwe." Koma ine ndinkasirira ndi zipsera zomwe. Kumjigo anzathu ankatula ndowa n'kumuzungulira, iye akuwaonetsa mmene ankamenyera chitini kuti mpheta zibalalike. Zoti munthu wasinja bwino palibe amene amatulira ndowa.

Masiku ano ambiri timaviika m'migolo ya pulasitiki pakhomo, kusinja tinasiyira chigayo, ndipo maiwe aja anamera udzu. Tamala amagwira ntchito pa loji ina kunyanja, amavala yunifolomu yosita. Amandiimbira foni: "Akulu, nditumizireni ufa wanu, wapamsikawu kondowole wake sakoma." Ndimatumiza ndithu. Koma ndikamamanga thumbalo, kansanje kaja kamadzuka, kamandikanda pang'ono.

Ndili ndi ana aakazi awiri. Wamkulu, Eneless, anatengera manja anga. Holide yapitayi mlamu wanga anabwera kudzapempha mwana mmodzi woti akacheze naye ku Mzuzu. Ndinangoona Eneless watenga mpeni ndi lichero la chinangwa, wakakhala pamaso pa mlendo penipeni. Ndinadzuka n'kumulanda mpeniwo.

"Kasambe m'manja ndi sopo, ukalongedze."

Chinangwa cha sabata imeneyo ndinasenda ndekha. Mwana wanga wamng'ono anakhala pakhonde, atatupitsa masaya, akundiyang'ana ndi diso limene ndimalidziwa bwino.