Ndinasainira magazi a achemwali

Achemwali anga, oyamba kubadwa kwathu, anabayidwa ndi chitsa kuphazi akukumba mbatatesi kumunda kwawo ku Dambe. Bala lake linali laling'ono. Anatsukapo ndi madzi amchere, kumangapo kansanza, n'kubwerera kukamaliza mzere. Patatha masiku anayi mwendo unatupa mpaka m'bondo, thupi lili moto, iwo akunjenjemera ngakhale tiwafunditse mabulangete awiri. Kuchipatala chaching'ono anatitumiza kuboma. Kubomako, ataona kuti mkodzo wasiya kutuluka, anatikweza ambulansi ya ku Blantyre.

Tinawaperekeza awiri, ine ndi alamu, amuna awo. Msewu wonse mpaka pa Zalewa ndinagwirizira botolo la diripi, iwo akundiitana dzina la malemu amayi.

Anawagoneka m'chipinda cha odwala mwakayakaya. Dokotala, mayi wachikulire wolankhula motsitsa, anatiitanira pakhonde.

"Tizilombo talowa m'magazi, ndipo impso zaima. Tili ndi makina otulutsa magazi, kuwasefa, n'kuwabwezera m'thupi. Sindikulonjeza kuti achira. Koma tikapanda kutero, sindikuona kuti afika mawa."

"Atuluke magazi onse?" anafunsa alamu.

"Pang'onopang'ono, bambo. Akutuluka uku, akubwerera uku."

Dokotala atatulutsa pepala loti tisaine, alamu anazyolika. Kwathu mphekesera za anthu opopa magazi zinali zisanaiwalike.

"Mlamu, dzanja langa lokha ayi," anandiuza. "Akakandifunsa kumudzi ndikati chiyani?"

Ine ndine mphunzitsi, impso ndinazijambulapo pabolodi kangapo. Ndinalandira cholembera n'kusaina.

Madzulo ake anandilola kulowa nditavala chovala chawo chobiriwira. Chubu chinachoka pakhosi pa achemwali kupita m'makina otalika ngati munthu, china n'kubwerera. Magazi ankayenda ndikuwaona ndi maso angawa, akuda kuposa mmene ndinkaganizira. Namwino atatembenuka ndinakhudza chubucho ndi chala. Chinali chofunda.

Tsiku lachiwiri anatsegula maso n'kundizindikira. Anayang'ana makinawo nthawi yaitali.

"Iwe, magazi amenewo ndi anga?"

"Ndi anu, achemwali. Akuwatsuka, akubwerera."

"Onse?"

"Onse."

"Chabwino," anatero, n'kutsinzina. Ndinathamangira panja kukauza alamu kuti alankhula. Tsiku limenelo alamu anadya koyamba chichokereni kumudzi.

Achemwali anamwalira m'mawa wa tsiku lachitatu.

Pamaliro palibe anandiloza chala. Koma amayi osambitsa thupi anaona pulasitala pakhosi, anaimatula, n'kupeza kabowo. Tisanapite kumanda azakhali, alongo awo a bambo, anandikokera kuseri kwa nkhokwe.

"Mwanawe, pakhosi paja anatani?"

Ndinafotokoza zonse monga anatiuzira dokotala, za tizilombo, za impso, za kusefa. Anamvetsera osandidula.

"Tamva kuti unasaina ndiwe."

"Ndine."

"Basi, ndiuze chimodzi. Tikuika munthu wathunthu? Anawabwezera onse?"

Ndinati eya.

Zoona zake n'zakuti sindikudziwa. Pamene mtima wawo unkaima makina anali akuyenda, ndipo ine ndinali kunja kwa geti ndikusankha nthochi zoti mwina angadye. Nditabwerera ndinapeza makina atawakankhira kukhoma, machubu atachotsa. Namwino anali pomwepo akupinda nsalu, munthu wabwino amene akanandiyankha. Sindinafunse.

Ndikudziwa kuti chinawapha ndi matenda. Ndikudziwanso kuti otsala m'machubu, ngati analipo, sakanadzaza kapu. Zimenezi ndimadziuza ndikamapita kusukulu, pakuti njira yanga imadutsa m'mphepete mwa manda. Alamu anakwatiranso ku Luwani, ndipo tikakumana kumsika timapatsana moni bwinobwino, nkhaniyi osaikhudza. Mwana wamkulu wa achemwali, amene tsopano ali pabanja, anabwera chaka chatha kudzandionetsa khanda. Tikusenda chinangwa pakhonde anandifunsa ngati amayi ake ankamva kuwawa makina aja akuyenda. Ndinati ayi. Anagwedeza mutu, n'kundiyang'ana ngati pali funso lina. Ndinadzuka kukaona madzi pamoto.