Uthenga Unatipeza ku Guatemala

Nditabwera ku London kudzaphunzira ku Greenwich, ndinkakhala ku Croydon m'nyumba ya banja lina la Amalawi amene anathawa kwathu kalekale chifukwa cha ndale. Mwana wawo wamkazi, wobadwira konkuno, anali wamsinkhu wanga. Chichewa ankamva, koma poyankha ndiye Chingelezi chokhachokha. Ndi iyeyo anandinyengerera kuti tikalemba mayeso tikayende ku Guatemala, zikwama zili kumsana.

Bambo ake anali atayamba kudwala mtima. Tsiku lonyamuka anatiperekeza kusiteshoni ya sitima, akupuma mobanika.

"Pitani, ana inu," anatero. "Ine ndinayenda mothawa. Inu kayendeni mosangalala."

Tinakafika pamudzi wina wa anthu a mtundu wa Amaya, kumtunda kozizira, m'mbali mwa nyanja yozama yozingidwa ndi mapiri. Kumeneko anthu ankafikako pa boti. Minda ya chimanga ndi khofi inakwera mpaka pakati pa phiri. Azimayi ankachapa pamiyala, ena akuluka nsalu zamawangamawanga pakhonde, lamba wolukira ali m'chiuno. Tinkagona kwa mayi wina wamasiye amene m'mawa uliwonse ankatiwotchera tizigumu topyapyala ta chimanga. Chimudziwireni mnzangayo, ndinali ndisanamuonepo akuseka motero.

Mafoni athu sankagwira. Tsiku lina masana tinalowa m'kanyumba ka makompyuta kuti tione mauthenga. Ndinamuona akuwerenga, kenaka anagwira pakamwa. Mchimwene wake anali atalemba kuti bambo agonekedwa m'chipatala, ndipo madokotala akuti abale abwere msanga. Uthengawo unali utagonera masiku.

Tinathamangira kudoko, koma mphepo ya masana inali itawinduka panyanja. Woyendetsa boti anapukusa mutu, natiuza ndi manja kuti mpaka mawa. Mnzanga anamuchonderera m'Chingelezi, anayesanso Chisipanishi chake chothyokathyoka, koma munthuyo ankangoloza mafunde. Atatopa, mnzanga anakhala pansi pamatabwa a doko. Mayi wamasiye uja anatitsatira, anamufunditsa nsalu yake, n'kukhala naye pomwepo.

Patapita nthawi mnzanga ananditembenukira. Analankhula Chichewa, mawu akutuluka limodzilimodzi.

"Achemwali, nanga adadi akapita ine kulibe?"

Ndinangomugwira dzanja.

M'mawa mwake tinakwera boti, kenaka basi yodzaza anthu ndi madengu, kenaka ndege. Pabwalo la ndege ku London tinapeza mchimwene wake ataima yekha. Atationa anazyolika, ndipo mnzanga anagwetsa chikwama pansi. Bambo anali atatisiya ife tili m'mwamba.

Maliro anachitikira ku Croydon, mvula ikuwaza. Amalawi anabwera kuchokera ku Edmonton, kumpoto kwa London, ndi kwina, tinaimba nyimbo zakwathu m'tchalitchi chozizira. Amayi ake sanatidzudzule ngakhale pang'ono. Anangomuuza kuti, "Ankakufunsa, mwana wanga. Tinawauza kuti uli m'njira."

Chaka chisanathe mnzangayo anapeza ntchito kumpoto kwa England n'kusamuka. Ankandiimbira foni mwa apo ndi apo, koma za ulendo uja sanazitchulenso, nane sindinayerekeze. Ine ndinatsalabe m'nyumbamo mpaka kumaliza maphunziro. Lamlungu tikaweruka kutchalitchi ndinkawaperekeza amayi ake kumanda. Pokwera tramu, kasitima koyenda mumsewu, ankatsamira mkono wanga, ndipo nthawi zina ankalakwitsa n'kundiitana dzina la mwana wawo. Ndinkangovomera.