Khobidi la Amos

Ku Ipusukilo, komboni ya ku Kitwe, mukafunsa za a Kondwelani Mvula, anthu ambiri angodzikanda m'mutu. Koma mukati mukufuna mdala wa makobidi akuda, ngakhale amayi ogulitsa makala pamsewu akulozerani nyumba.

A Mvula anachoka ku Chadiza ali mnyamata, kutsatira mkulu wawo Amos amene ankagwira ntchito pansi, mu mgodi wina wa ku Kitwe. Nawonso analowa pansi pomwepo mpaka imvi zinamera. Anzawo ankathera malipiro ku mowa ndi mpira, koma iwo matenda awo anali makobidi akale: matiki, masheleni, ngwee zimene zinatha ntchito kalekale, ndi mapeni abowo pakati a nthawi ya atsamunda. Ankawasunga m'chitini cha mabisiketi, osalemba kanthu, chifukwa lililonse ankalidziwa nkhope yake.

Lamulo lawo linali limodzi: khobidi silitsukidwa. Akazi awo a Georgina, amene Loweruka lililonse amapukuta zoikapo makandulo kutchalitchi mpaka kung'anima, manja ankawayabwa akaona chitinicho. Koma a Mvula ankati kuda kwa khobidi si litsiro, ndi ukalamba wake, ndipo ukalikwecha watsala ndi chitsulo chabe.

M'chitinimo munali khobidi limodzi limene sankalola munthu kuligwira. Linali peni labowo, lofanana ndi ena ambiri amene anali nawo, kupatula banga lobiriwira mbali imodzi ndi kaulusi kakuda kotsalira pabowo. Amayi awo anamumangirira Amos khobidilo m'chiuno tsiku limene ankanyamuka kumudzi. Mwala utamugwera Amos pansi, a Mvula ndiwo analimasula pathupi pake. Bangalo linali la madzi a mu mgodi a tsiku lomwelo.

Amos anasiya mkazi ali woyembekezera. Mkaziyo anabwerera kwawo, anakwatiwanso kutali, ndipo mwana, Lorna, anakula osaona ngakhale chithunzi cha bambo ake. Chaka chatha, ali kale mayi wa ana akuluakulu, anafufuza kudzera kwa anthu a mpingo mpaka anapeza nambala ya a Mvula. Pafoni anafunsa ngati pali kanthu kalikonse ka bambo ake kamene kanatsala. A Mvula anamuuza za khobidilo, namulonjeza kuti akabwera pa Pasaka adzalitenga. Kuyambira tsiku limenelo a Mvula ankayenda ngati munthu amene wapepukidwa katundu.

Koma chakudza sichiimba ng'oma. Lenti ili mkati, chifuwa cha fumbi la pansi chinawagwetsa, ndipo anawagoneka m'chipatala ku Ndola. A Georgina anapita kukawadikirira, nyumba inatsala yokha, ndipo ku Ipusukilo nyumba yotsala yokha imakhala ndi alendo. A Mvula anaimbira mlamu wawo Boaz, mlongo wa a Georgina. Boaz ameneyu anakulira m'nyumba mwawo, sukulu anamulipirira okha, ndipo tsopano ankagulitsa mafoni akale mumsika. Ndi mawu obanika anamuuza kuti, "Chitini changa chija ukatenge, usunge bwino."

Mlamu wake atatuluka m'chipatala, Boaz anabwera nacho chitinicho Lachinayi Loyera masana, akumwetulira mano onse pamtunda. A Mvula atatsegula, maso anachita kuthobwa. Makobidi onse anali mbee, ofiirira ngati mapoto atsopano, okhala ndi timizere ta sitiliwulu. M'chitinimo munkanunkha viniga.

Anakhuthulira onse patebulo. Anapatula mapeni abowo, kuwatembenuza limodzilimodzi. Panalibe banga, panalibe kaulusi. Onse anali ofanana ngati mazira a nkhuku imodzi.

"Boaz, wachita chiyani?"

"Ba mulamu, si ndimwe munakamba? Munati usuke bwino. Netiweki inali kuvuta, na mau yanu yanali pansi. Ine ninamvela kuti usuke."

Kunena zoona, pakamwa pa anthu a m'tauni muno kutsuka amati kusuka, ndipo usunge ndi usuke pafoni yokhosomola n'zoyandikana. A Mvula mtima unayamba kugwa pansi. Anaganiza kuti mwina mlandu ndi wa chifuwa chawo. Akanamukhululukira pomwepo, akanati mnyamatayo atseke pakamwa. Koma Boaz sanazolowere kusiya nkhani ili pabwino.

"Elo musadandaule maningi, ba mulamu. Na uja muzungu wa ku Ndola anakamba ati vilibe ntchito ivi. Ati sembe sininasuke, koma manje ni sikirapu chabe."

A Georgina anaika pansi kapu imene anali nayo m'manja.

"Mzungu wake uti?" anafunsa a Mvula, motsitsa mawu.

Boaz anayang'ana kudenga, kenaka kukhomo. Nkhani inatuluka pang'onopang'ono, mokoka. Anamva za munthu wogula makobidi akale ku Ndola. Anaganiza kuti zinthu zakuda choncho palibe angazigule, ndiye anaziviika m'beseni la viniga ndi mchere, n'kuzikwecha. Anakwera nazo basi, anadutsa pafupi ndi chipatala chimene mlamu wake anagona, osalowa n'komwe. Wogulayo atazikana, m'pamene anakumbukira kuti usunge ndi usuke amamveka mofanana.

A Mvula sanakalipe. Zinawapweteka kwambiri moti mkwiyo unasowa potulukira. Chimene chinawalasa sichinali kuba kokha ayi, koma kuti mwana amene anamulera anatenga mawu awo a munthu wodwala n'kuwasandutsa pobisalira. Anangomuuza kuti, "Nyamuka, mlamu. Ukapemphere bwino Pasaka."

A Georgina anapepesa m'malo mwa mlongo wawo mpaka misozi. Kenaka, pofuna kuwatonthoza, anati madzi akatayika saoleka, angosankhapo limodzi n'kumupatsa Lorna, iye adziwa bwanji? Madzulo amenewo ndi tsiku lonse lotsatira a Mvula anakhala pakhonde ndi mapeniwo, kuwapendeketsa padzuwa, kuwanunkhiza, kusisita pabowo ndi chala. Nthawi zina ankaona ngati alipeza, koma akaliika pambali pa linzake, chikhulupiriro chonse chinkatha.

Lorna anafika Loweruka ndi basi ya m'mawa. Atangolowa pageti, a Mvula anaona mphumi ya Amos ndi kayendedwe kake. Lorna anagwada kuwapatsa moni, anadya, anacheza za kumudzi ndi za ana. Kenaka anafunsa mwaulemu, maso ali pansi.

"Atate aang'ono, kanthu kaja munandiuza."

A Mvula analowa kuchipinda. M'dzanja lamanja anali atagwira peni limodzi limene anasankha m'mawa, lokongola bwino, loti munthu angalire nalo moyo wake wonse osakayika. Anaima nalo pakhomo la chipinda kanthawi. Kenaka analibwezera pa anzake, anamanga mapeni onse abowo m'kampango, n'kukamuika Lorna m'manja.

"Mwana wanga, tenga onsewa. La atate ako lili momwemo, koma ine sindikulidziwanso."