Anawafufuta Amayi Mphini

Nkhani ya chitenje cha chiliza cha amayi anga sindinaikhululuke mpaka lero, ndipo amene akufuna kundilalikira za kukhululuka ayambe wakhala pansi, amve kaye.

Ine ndine telala. Makina anga akhala pakhonde la sitolo ina pa Chinakanaka kuyambira mwana wanga woyamba ali kumsana. Matipate atabwera, kunabweranso chizolowezi chodinda nkhope za anthu pansalu. Kale nkhope yapansalu inali imodzi dziko lonse, koma tsopano chipani chilichonse chinali ndi yake, kenaka mipingo, masukulu, mpaka mabanja opata anayamba kudinditsa zawo za ukwati ndi za chiliza. Ndasokapo madiresi a nkhope za anthu oti sindikuwadziwa ndi komwe, koma ndinkasamalabe kuti sizasi isadutse pamphuno ya mwiniwake.

Amayi anga anabadwira kutsidya, ku Mozambiki, ndipo anathyola tiyi pa esiteti mpaka msana unapindika. Kumaso kwawo kunali mphini, timizere takuda m'masaya ndi pamphumi, zimene anawatema atatha msinkhu. Sizinali za mankhwala ayi. Zinali zodzikongoletsera, mmene ankachitira akazi achilomwe a nthawi imeneyo. Akasangalala ankanena kuti bambo athu anawasankha pagulu la atsikana chifukwa cha mphinizo, ndipo bambo ankangoseka osatsutsa. Chithunzi chawo chinalipo chimodzi chokha. Anawajambula bambo wina amene ankayenda panjinga m'malaini a esiteti tsiku la malipiro, iwo atakhala pampando wobwereka, atamanga duku. Atamwalira chithunzicho chinakhala m'nyumba mwanga, pakhoma, chifukwa mwana wamkazi wamkulu ndine, ndipo amene anawadwazika mpaka tsiku lomaliza ndinenso.

Tili ndi mlongo wathu mmodzi, achimwene anga aakulu, mwini mbumba. Amagwira ntchito ya muofesi ku Blantyre ndipo ndi mkulu wa mpingo kumeneko. Ndiwo anabwera ndi maganizo oti timange chiliza pamanda a amayi, tidinditsenso nsalu yathuyathu yokhala ndi nkhope yawo kuti abale onse adzavale patsikulo. Ndisaname, ndinakondwa. Ndinati mayi wothyola tiyi uja naye adzaonekere pansalu ngati anthu akuluakulu.

Tsiku losankha nsalu anabwera ndi akazi awo, alamu anga, atatenga tizidutswa tansalu kuchokera kwa odinda ku Limbe. Tinayala mphasa pansi pa mtengo wa mapeyala, ine ndi mng'ono wanga ndi iwo awiri. Ndinatikita kachidutswa kalikonse kuti sitachi achoke, tina tinatsala ngati sefa. Ndinanyika tina m'madzi a sopo kuti tione kochucha utoto. Tinagwirizana pa kotoni wolemera, woti munthu adzafunde zaka, ndipo wotsala adzakhale makatani ndi nsalu za patebulo. Pa mtundu ndiye tinatuluka thukuta. Ukati wachikasu, wina akuti ndi wa chipani chakuti. Ukati wobiriwira, akuti anthu adzayesa msonkhano wa chipani china. Mitundu yonse yooneka bwino andale anali atagawana kale ngati nyama ya paukwati. Tinathera pa mtundu wa khofi, wokhala ndi masamba a tiyi m'mbali. Ine ndinaumirira chinthu chimodzi, chakuti nkhope isakhale pakati pa chitenje. Nsalu za zipani timaziona, mayi akavala, mkulu wa chipani amapezeka kumbuyo, ndipo akakhala pansi amamukhalira. Ndinati amayi anga palibe awakhalire, nkhope ikhale yaing'ono, m'mphepete. Alamu anaseka nkulemba zonse.

Kenaka ndinalowa m'nyumba, ndinachotsa chithunzi chija m'galasi mwake, ndinachikulunga m'kansalu koyera.

"Achimwene, ndi chokhachi. Chikatayika, amayi atayika."

"Achemwali, mukundiyesa mwana kodi? Akangomaliza odindawo ndibwera nacho ndekha."

Nsalu inafika pa minibasi kutatsala masiku ochepa kuti mwambo uchitike. Ndinamasula mpukutuwo pakhonde pomwepo, azimayi ogulitsa nthochi ndi zinanazi atandizungulira. Nsaluyo inali yabwino, palibe chonena. Kotoni yemwe uja, mtundu womwe uja, masamba a tiyi ali m'malo mwake. Koma m'timabwalo ta m'mphepete munali mayi wina woyera, wosalala masaya ngati wa pabotolo la mafuta odzola. Duku linali la amayi. Maso mwina anali awo. Mphini panalibe ngakhale imodzi. Mayi wina amene anathyola tiyi ndi amayi anga anawerama, anayang'anitsitsa, nkubwerera pa nthochi zake. Kubwerera kwakeko kunandipweteka kuposa akanatukwana.

Ndinawaimbira foni achimwene.

"Achimwene, mayi mwadinditsayu ndi wa ndani?"

"Aa, achemwali, anyamata a kompyuta aja anangoyeretsa pang'ono. Chithunzi chija chinali chakale, chinali ndi timadontho."

"Timadontho? Mphini za amayi mukuti timadontho?"

Ndinamva kunong'onezana, kenaka foni anaitenga ndi alamu. Iwo sanazungulire. Anati anawauza okha odindawo kuti achotse, chifukwa kumwamboko kubwera abusa ndi anthu a mpingo a m'tauni, ndipo anthu akaona mphini amaganiza za asing'anga. Anati achimwene anga ndi mkulu wa mpingo, sizingaoneke bwino kuti anthu azinena kuti mayi wawo anali wotemera mankhwala. Anamaliza ndi kundiuza kuti amayi atuluka okongola kwambiri, ndiyenera kuthokoza.

Ndinawayankha zimene sindingalembe pano. Mayi amene ankaimba kwaya ya amayi mpaka mawu anatha, amene ankayenda wapansi kupita kutchalitchi mvula ikugwa, lero mphini zake zikuchititsa manyazi mpingo? Munthu wobwera, woti amayiwo anamulandira ndi nkhuku, akalamule nkhope ya mayi wa eni ake? Koma mkwiyo wanga waukulu sunali pa alamu. Iwo anawapeza amayi atakalamba kale. Achimwene ndi amene anayamwa akuyang'ana nkhope imeneyo. Sukulu imene amanyadirayo inachokera m'dengu la tiyi limene linali pamsana pa mayi wa mphiniyo. Tili ana, anzathu kusukulu akatinena kuti ndife Anguru odya kalongonda, iwo ankabisala kuseri kwa kalasi, ine ndi amene ndinkamenyana. Ndinkayesa anakula, kani anangosintha pobisalira.

Ndinafuna kuitentha nsaluyo. Mng'ono wanga anandigwira, nati abale atumiza kale miyeso, ena akuchokera kutali, tsiku layandikira. Ndinasoka. Mabulauzi, masiketi, malaya a amuna, madiresi a ana, ndinapalasa makina mano ali gwa, mayi wachilendoyo akudutsa pansi pa singano mobwerezabwereza. Ndinasamalabe kuti ndisamudule, kaya chifukwa chiyani.

Tsiku la chiliza kunadzaza. Magalimoto a m'tauni anaima m'munda mwa nandolo wa mng'ono wanga osapempha. Ndiyeno anafika amayi aang'ono, mng'ono wawo wa amayi, amene amakhala ku Milonde. Anali atakalamba, maso akuyamba kuchita khungu, ndipo kumaso kwawo kunali mphini zawo. Alamu anawagwadira bwinobwino nkuwapatsa chitenje chawo. Iwo anachitambasula, anachibweretsa pafupi ndi maso, anayang'ana nthawi yaitali.

"Ameneyu akuimira chipani chiti?"

Ena anaseka, kenaka anazindikira kuti gogoyo sakuseka. Alamu anati, "Ndi achemwali anu, amayi."

"Ayi. Achemwali anga ndikuwadziwa."

Anachipinda bwinobwino, anachiika pamphasa, ndipo anapita kumanda atavala chitenje chawo chakale chosuluka. Ankayenda pakati pa gulu lonse la khofi lija ali okha osiyana, mphini zili poyera, ndipo palibe m'busa amene anakomoka nazo. Abusawo anawapatsa moni ndi manja awiri, nkuwafunsa za ulendo.

Achimwene atapatsidwa mpata wolankhula anavala magalasi, nkuyamba kuyamikira amayi. Anati amayi anatiphunzitsa kusachita manyazi ndi kumene tinachokera. Anthu anawomba m'manja. Ine ndinadzuka, ndinapita kukathandiza otsuka mbale, chifukwa ndikanakhala pamenepo ndikanaononga mwambo wa amayi anga ndi pakamwa pangapa.

Alendo atabalalika ndinawapeza achimwene pagalimoto.

"Nsalu mwachita zimene mwachita. Ndipatseni chithunzi changa."

"Chatsala kwa odinda, achemwali. Ndikatenga sabata ya mawa."

Sabata ya mawayo inakhala mwezi, mwezi unakhala nyengo ya mvula. Ndikaimba foni, ali pamsonkhano. Tsiku lina ndinatseka makina, ndinakwera minibasi mpaka ku Limbe, ndinafunsira mpaka ndinapapeza podindira nsalupo. Mnyamata wa pakompyuta anali waulemu ndithu. Anati chithunzicho anabweza kwa adona tsiku lomwelo. Ndinamupempha kuti andionetse chimene chinatsala m'makina mwake, ndipo anafufuza nkundionetsa mayi wosalala yemwe uja. Anati choyambacho sanasunge, chifukwa amasunga chokonzedwa. Mawu akuti chokonzedwawo ndinawamva bwino. Ndinapita kunyumba kwa achimwene. Alamu anati akukumbuka kuti anachiika m'kabati, mwina m'chikwama, mwina mtsikana wantchito anasesa. Anandipatsa tiyi wa mkaka ndi buledi wopaka majarini. Achimwene anati, "Pepani achemwali, koma nsalu ilipo yambiri, amayi tiziwaona pamenepo."

Sindinamwe tiyi wawoyo. Ndipo chimene chimandiwawitsa mutu nchakuti achimwene omwewo masiku ano, poti Chilomwe chinayamba kutchuka, amavala mikanda nkupita kukaonerera gule wa tchopa, kudzijambulitsa, kumauza anzawo a muofesi kuti iwo ndi Mlomwe weniweni. Moni wa Chilomwe anachita kuphunzira atamera imvi. Manyazi alibe.

Nsalu yotsala ija abale anagawana. Kwa mng'ono wanga ndi makatani, kwa msuweni wathu ndi nsalu ya patebulo, ena amaberekera ana. Zidzukulu zimene zinabadwa amayi atapita zimaloza pakatani nkumati agogo awo. Ndikazikalipira kuti si amenewo, zimandiyang'ana ngati ndazungulira mutu.

Tsiku lina kunalibe makasitomala, ndinati basi, ine ndine telala, zimene anafufuta ndi kompyuta ndibwezera ndi ulusi. Ndinatenga chitenje changa cha chiliza chija, chimene sindinachivalepo chichokereni kumanda, ndinalowetsa ulusi wakuda pasingano ya pamanja, ndinatambasula nkhope imodzi pabondo. Za pamphumi ndinkazikumbuka. Nditafika patsaya ndinaima. Timizere tija tinkatsika molunjika kukamwa kapena tinkapendekera kukhutu? Tsaya lamanzere linali chimodzimodzi ndi lamanja? Ndinatseka maso kuti ndiwaone amayi, ndipo amene anabwera ndi mayi wosalala uja, amene ndinakhala ndikumuona pamisana ya abale ndi m'mawindo mwawo. Nkhope imene ndinaisambitsa ndi manja angawa pamene ankadwala inakana kubwera yonse.

Ndinafunsa mng'ono wanga, anati zinkapendekera kukhutu. Ndinafunsa mayi wa nthochi uja, anati zinkatsika. M'mawa mwake ndinakwera kabaza kupita ku Milonde, chitenje ndi singano zili m'chikwama. Ndinawapeza amayi aang'ono akuwothera dzuwa pakhonde, maso atatheratu. Ndinawafotokozera zoti ndikufuna kubwezera mphini za amayi ndi ulusi, ndipo ndinawapempha kuti ndionere pa nkhope yawo.

"Mwana wanga, usaonere kwa ine," anatero. "Achemwali anawatema kwathu kutsidya. Ine ananditemera kuno, ndi mayi wina. Zawo zinali zina, zinali zokongola kuposa zangazi."

"Nanga zinkayenda bwanji patsayapa, amayi?"

Anakweza dzanja, anapapasa mpaka anapeza tsaya langa. Chala chawo chinayamba kujambula, chinatsika pang'ono, chinaima. Chinabwerera, chinayambanso kwina, chinaimanso. Kenaka anatsitsa dzanja lija nkuliika pamwendo.

"Bwera nacho chithunzi chija," anatero, "wina andiuze zimene akuona, mwina ndikumbuka."