Sista Esme Asamukira m'Sitolo

Ku Luwinga kuno munthu akakhala ndi khola la nkhuku amalipaka laimu, n'kuikamo bedi, n'kulitcha hositelo. Chiyambire yunivesite kukula, ana a sukulu amagona paliponse pamene pali denga, ndipo eni malo anasiya kalekale kuchita nazo manyazi. Ine ndine Marjorie, kwathu ndi ku Dedza, ndili ndi kaokala kogulitsa mayunitsi ndi sopo pafupi ndi pokwerera minibasi. Kuseri kwa okala yangayo kumakhala Sista Esme, namwino wa pachipatala china cha m'tauni muno. Nkhani yawo ndikufuna ndiinene ndekha, chifukwa pakamwa pa anthu a kuno yayamba kale kupindika.

A Esme anabadwira ku Nkhata Bay, m'banja limene sukulu amaitenga ngati chipembedzo chachiwiri. Iwo ndiwo oyamba kubadwa. Atamaliza dipuloma ya unamwino anali ndi mutu wopitira patsogolo, koma bambo awo anamwalira chaka chomwe mlongo wawo wamng'ono, Zebedee, anasankhidwa kupita ku yunivesite. Abale anati Esme adikire kaye, agwire ntchito, mwana wamwamunayo aphunzire. Anadikira. Atakwatiwa, mwamuna wawo anapita ku Joni kukafuna ntchito n'kukhala mtchona, kuwasiya ndi kamwana kakakazi, Pilirani. Anthu anatinso adikire kaye mwana akule. Kuntchito nakonso, akapempha tchuthi chokaphunzira ankawauza kuti chaka chamawa, mpaka tsiku lina wina anawafunsa moseka ngati ndi imvi zimenezo akufunabe kukakhala pa desiki.

Tsiku limenelo anafika pa okala panga nkhope ili gwa.

"A Marjorie, ndipatseni bandulo yaikulu," anatero. "Ndatopa chomene. Sukulu ikakana kundiitana, ndiiitana ndine, ibwere m'foni muno."

Kusankha sukuluyo kunawatengera nyengo yonse ya mvula. Ankakhala pa benchi langa akaweruka, yunifolomu ili m'thupi, juzi pamwamba, magalasi ali pamphuno, akutokosa foni ndi chala chimodzi. Sukulu yoyamba inali yakunja, yazithunzi zokongola, anamwino ake akumwetulira ngati sanaonepo wodwala. Koma inkafuna madola, ndipo kwacha yathu mukuidziwa, imagona ili ina n'kudzuka ili ina. Anaisiya.

Yachiwiri ndiyo inatsala pang'ono kundikola ngakhale ine. Inali yotchipa mochititsa nthumanzi, digiri m'miyezi yowerengeka, ndipo bambo wina wa mawu okoma ankawaimbira foni tsiku ndi tsiku. Ine ndinati tengani imeneyi, mwayi sudikira munthu. A Esme anangomufunsa bamboyo kuti mayeso a m'wodi adzawayesa ndani, ndipo adzayesedwera kuti. Iye anati zimenezo n'zosafunika. Anafunsanso ku bungwe loyang'anira anamwino ngati pepala la sukuluyo limadziwika, n'kumva kuti ngakhale dzina lake salidziwa.

"Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere," anandiuza. "Ine ndikufuna digiri yogwirira odwala, osati yokongoletsera khoma."

Yachitatu inalibe zithunzi zambiri. Inali koleji ya m'dziko momwe muno, yophunzitsa pa intaneti, yolola kulipira pang'onopang'ono m'makwacha. Mayeso ndi maphunziro a m'wodi munthu amakaonekera yekha, ndipo bungwe lija linati limaidziwa. Inali yotalika zaka, yosapatsa chidwi, koma thumba la namwino likanaikwanitsa litafinyidwa bwino. Analembetsa, ndipo anawatenga.

Tsoka lake, kapena mwayi wake, mwezi womwewo Pilirani naye anasankhidwa kukayamba pa yunivesite yathu ino. Tinalulutira mpaka mawu kusasa. Koma nthungululu zitatha, aliyense anaona kuti malipiro a namwino mmodzi sangasenze ophunzira awiri. Wina anayenera kutsika, ndipo panalibe amene ankakayika kuti wotsikayo ndi ndani.

A Esme okha ndiwo sanaone choncho. Nyumba yawo ili ndi zipinda ziwiri zogona, chawo ndi cha Pilirani, ndiponso kasitolo kosungiramo makala ndi matumba a chimanga, kawindo kake kongokwana mphaka. Anaganiza zoika ana a sukulu m'zipinda zonse ziwiri, iwo ndi mwana wawo n'kusamukira m'kasitoloko. Lendi ya zipindazo ikanalipira sukulu ya mayi, malipiro n'kulipira ya mwana. Sankachotsa kanthu pa fizi ya Pilirani, koma ankamuchotsera chipinda chake.

Pilirani analira. Musamuweruze msanga mwanayo. Mtsikana wongoyamba kumene yunivesite, anzake a m'kalasi azigona m'chipinda chake, azidziyang'ana pa galasi lake, iye azituluka m'mawa m'chipinda cha makala akununkha chimanga chothira mankhwala? Ngakhale ine ndikanalira. Anaimbira foni amalume ake.

A Zebedee masiku ano ndi bwana, ali ndi nyumba ya mpanda ku Nkhorongo. Anafika Loweruka masana ndi galimoto yawo yoyera, atavala jekete ngati akupita ku ukwati, monga amachitira anthu a kwawoko. Anapeza ine ndi a Esme tili pakati pokoka bedi lalikulu, titalipendeketsa pakhomo la kasitolo, likukana kulowa.

"Monire asisi," anatero, maso ali pa bedi.

"Yewo, Zebedee. Gwira uko, usangoima."

Sanagwire. Anapukuta mpando ndi kansalu, n'kukhala, n'kuyamba ulaliki. Anati anthu a ku tchalitchi adzati chiyani akamva kuti Sista wathunthu, mlongo wake wa Zebedee, akugona ndi makala. Anati sukulu ya pa foni si sukulu, ndi masewera a ana. Anati pa msinkhu umenewu munthu amaganiza za penshoni, osati za homuweki.

"Asisi, kuona maso a nkhono n'kudekha. Lekani mwana amalize kaye, ndiye tidzaone za inu."

Apa ine magazi anandiwira, chifukwa munthu amene amanena zodekhayo anadutsa pamsana pa mlongo wake popita kumene ali. Koma a Esme sanamukumbutse zimenezo ngakhale pang'ono. Anangotsamira bedi lija, akupuma mwamphamvu.

"Nkhono imeneyo ndaiyang'ana kuyambira ndili mtsikana," anatero. "Maso ake sindinawaone, anga ndi amene ayamba kufooka. Pilirani akamaliza mudzati ndidikire akwatiwe. Akakwatiwa mudzati ndilere zidzukulu. Iwe Zebedee, tandiuza, chaka changa ndi chiti?"

A Zebedee anatulutsa chimene anabwerera. Anati iwo sangalole mwana wa m'banja mwawo kugona m'sitolo. Ngati asisi akuumirira, Pilirani amutenga akakhale ku Nkhorongo, kuli chipinda chake chake ndi madzi otentha. Koma ngati asisi asiya zamasewerazi, bedi libwerere kumene linali, mwana akhale ndi mayi ake monga kale.

Ndinaona nkhope ya a Esme ikugwa. Mwana ameneyu anamulera okha. Chibadwire sanagonepo nyumba zosiyana, kupatula masiku a ntchito ya usiku, ndipo ngakhale pamenepo Pilirani ankagona kwa ine, mayi ake n'kumaimba foni kufunsa ngati wafunda. A Zebedee anadziwa bwino pamene anaponda.

Pilirani anali ataima pakhomo nthawi yonseyi, manja atapinda pachifuwa.

"Amama, ingosiyani," anatero. "Zaka zinayi zokha. Ine sindikufuna kupita, koma m'sitolo sindigonamo."

Mayi ake anamutembenukira. Ine mumtima ndinkati gonjani, mayi, gonjani, digiri siidzakuphikirani phala mukadzadwala.

"Mwana wanga," anatero a Esme pang'onopang'ono, "fizi yako ndilipira ine mpaka tsiku lomaliza, ndipo palibe amene adzakunyadire kuposa ine. Koma sukulu yanga sindisiya. Ukafuna kukhala, malo alipo pambali panga. Ukafuna kupita kwa amalume ako, pita ndi mtendere, sindikukwiyira."

Pilirani analowa m'nyumba. Tinamva zipi ya sutikesi ikulira. Atatuluka nayo, a Esme anamulanda, n'kuisenza okha pamutu mpaka pa galimoto. Anabwereranso m'nyumba, n'kutenga bulangete lawo lolemera lija, lokhalo labwino limene anali nalo, n'kuliika pampando wakumbuyo.

"Chifuwa chake sichigwirizana ndi kuzizira kwa Juni," anauza mlongo wawo. "Akayamba kutsokomola undiimbire, usadikire kuche."

Galimoto inanyamuka. Pilirani sanatembenuke, koma ndinamuona akupukuta m'maso ndi mkono wa juzi. A Esme anaima pamsewu mpaka fumbi litakhazikika, kenaka anabwera kudzagwira mbali yawo ya bedi. Linakanabe kulowa. Tinachita kulimasula miyendo, n'kulowetsa thabwa limodzilimodzi, ndipo litalowa linadzaza kachipinda konse, moti chitseko chinkangotseguka theka.

A Esme anakhala pa matiresi, mawondo atagunda thumba la chimanga, ndipo pamenepo ndi pamene analira. Sanalire mobisa ayi, analira ngati pamaliro. Ine ndinakhala pambali pawo ndikuwasisita pamsana, mtima ukundiwawa, ndipo ndinalankhula zimene zinali kukhosi kwanga.

"A Sista, sikunade. Muimbireni abwerere. Ana a sukuluwo sanalowe, tingathe kubweza bedili."

Anapukuta nkhope ndi chitenje, n'kupukusa mutu.

"Walira mvula walira matope, a Marjorie. Ndinadziwa kuti zidzawawa." Anatulutsa foni m'thumba, n'kuyang'ana nthawi, n'kuvala magalasi. Kalasi yawo yoyamba inali itatsala pang'ono kuyamba. "Mwana wanga njira ya kuno akuidziwa, tsiku lina adzabwera. Koma zaka zanga zikapita, palibe galimoto imene idzazibweze."

Anandipempha kuti potuluka nditseke chitseko, chifukwa aphunzitsi anali atayamba kuitana maina.