Kirimu pa Chala Dzuwa Lisanalowe

Chaka chimene ndinayamba sekondale, mwezi wa Ramadhani unagwera pa holide ya Disembala, nyengo imene dzuwa la ku Joni limatuluka msanga n'kukalowa monyinyirika. Ndinali nditauza amayi ndi ababa kuti ulendo uno ndisala mwezi wathunthu. Zaka zam'mbuyo ndinkasala mwachibwana. Ikakwana nthawi ya nkhomaliro amayi ankandipatsira nthochi kuseri kwa chitseko, amvekere tsiku la mwana limathera pakati. Ulendo uno ndinakana. Ndinalemba m'buku langa la zochitika za tsiku ndi tsiku, ndi bolopeni yofiira, kuti sindidumpha ngakhale tsiku limodzi, ndipo ndinasayinira m'munsi mwake ngati kalata ya boma.

Tinkakhala ku Actonville, m'zipinda ziwiri za kuseri kwa nyumba ya banja lina lachimwenye. Amayi ankachapa ndi kusita m'nyumba yaikuluyo. Ababa ankatsitsa ndi kusanja mabokosi pa shopu ya zipatso pafupi ndi poimira mataxi. Mayi wa m'nyumba yaikulu tonse tinkangoti a Anti, ngakhale ababa amene anali aakulu kwa iwo.

Anthu amaganiza kuti chovuta pa kusala ndi njala. Kwa ine chachilendo chinali kupepuka. Ikamakwana 2 koloko masana, thupi linkakhala ngati chovala chimene chayanikidwa pa waya. Ndinkagona chagada pa simenti yozizira ya pakhonde n'kumayang'ana ndege zikutsika pang'onopang'ono kulowera ku bwalo lake, mimba zake zikunyezimira. Kutali kunkaoneka milu yachikasu ya dothi la m'migodi, ndipo m'kutentha kuja inkachita ngati ikuyandama. Phokoso la mahutala a mataxi linkafika ngati lochokera pansi pa madzi. M'maola amenewo ndinkalota ndili maso, ndipo loto lake linali limodzi.

Pa msewu wopita ku Springs panali malo ena odyera, aja anthu amadyera m'galimoto zawo, woperekera n'kukoloweka thireyi pa windo. Tsiku lina taxi yathu itaima pa maloboti, ndinaona mtsikana wamsinkhu wanga akulandira tambula yaitali, yapinki, pamwamba pake pali kaphiri koyera. Sanafulumire kumwa. Anayamba wanyambita nsonga ya kaphiriko, kenako n'kutseka maso. Maloboti anasintha, ife n'kupita. Mnzanga wa m'kalasi anandiuza pambuyo pake kuti imatchedwa milikisheki, ndipo choyera chija ndi kirimu yomenya. Ndinalemba mayina onse awiri m'buku muja.

Pa tsiku la khumi ndi chisanu ndi chinayi la kusala, ababa anatulukira masana atanyamula kabokosi kophimba ndi nyuzipepala. Fungo linayamba kulowa iwo asanalowe.

"Abwana akuti izi sizifika mawa," anatero. "Ndiye zafika kwa ife."

Anali masitiroberi, opsa kwambiri, ena atayamba kufewa m'mbali. Ababa anatola limodzi n'kulizunguza pa kansinde kake.

"Ku Zomba ndili mnyamata tinkagulitsa izi kwa azungu pa msewu wokwera kuphiri. Kuthamangira galimoto ndi mbale m'manja. Kulawa ayi, chifukwa mwini munda ankatinunkhiza m'kamwa."

"Ndiye lero mwaziona m'mwezi woti simungalawenso," anatero amayi. "Inu ndi zipatso zimenezi simunalembedwe."

Ndinapempha kuti andisiyire ine. Ndinati madzulo pomasula kusala timwa chinthu chimene sanamwepo chibadwire. Ababa anabwerera ku ntchito akuseka, amayi anabwerera ku nsimbi yawo, ine ndinakagogoda pa khomo la khitchini la a Anti.

A Anti anamvetsera mpaka ndinamaliza, kenako anatsegula firiji. Anandipatsa kirimu yotsala theka m'kabotolo, ayisikirimu woyera m'kapu, ndi mbale yachitsulo imene anayamba aiika m'chipinda cha ayisi kuti izizire. Makina awo opera zipatso anali atapsa, choncho anati ndisefe ndi sefa.

"Kirimu imafuna kuzizira ndi dzanja losatopa," anatero m'Chingerezi chawo chothamanga. "Ikayamba kuima yokha, leka. Ukapitiriza upeza batala, ndipo usadzabwere kudzandilirira."

"Nanga shuga ndidziwa bwanji kuti wakwana?"

"Mwezi uno timaphika ndi mphuno, mwanawe. Mulungu ndiye amalawa."

Ndinakhala pa khonde lathu ndi zonsezo. Ndinatsuka masitiroberi m'beseni, ndinachotsa timasamba tobiriwira, ndinadula pomwe panafewa. Ndinawakanya ndi foloko pamodzi ndi masipuni atatu a shuga, kenako n'kuwatikita pa sefa ndi kumbuyo kwa sipuni. Madzi ake ankadontha mochedwa, ofiira ngati nsalu yatsopano, tinjere n'kutsalira pamwamba. Ndinathira madziwo m'botolo lalikulu limene kale munali mayonezi, ndinawonjeza mkaka ndi ayisikirimu, ndinatseka mwamphamvu n'kuyamba kukhutchumula. Kufiira kuja kunalowa m'kuyera pang'onopang'ono, mizeremizere, mpaka botolo lonse linasanduka mtundu weniweni wa pa msewu wa ku Springs. Ndinaliyang'ana padzuwa kwa nthawi yaitali ndisanakaliike mu firiji ya a Anti.

Kenako kirimu. Ndinaika mbale yachitsulo ija m'beseni la madzi a ayisi, ndinagwira mafoloko awiri pamodzi, n'kuyamba kumenya. Poyamba palibe chinkachitika. Inali ngati mkaka wamba wochita thovu. Mkono unawawa, ndinasintha dzanja, ndinabwereranso. Kumwamba mitambo inali itayamba kuunjikana cha ku Germiston monga imachitira masana aliwonse a dzinja, ndipo ine ndinali kutali, m'galimoto yathuyathu, ababa akuimba hutala kuitana woperekera, amayi atavala mpango wa silika. Nditabwerera m'maganizomo ndinapeza mafoloko akusiya tinjira m'mbale. Ndinawakweza, kirimu inatsatira n'kuima, kansonga kake katawerama pang'ono.

Kena kanali katagwera pa chala changa chachikulu. Ndinakanyambita.

Apa ndiyenera kulemba bwinobwino, chifukwa m'buku muja tsiku limenelo ndinalemba mokhota. Kunyambitako sindinaganize. Dzanja linangopita lokha pakamwa monga limachitira chaka chonse. Koma kirimu itangokhudza lilime ndinakumbuka. Mpopi unali masitepe atatu kuchokera pamene ndinakhala. Ndikanatha kulavula n'kutsuka m'kamwa, tsiku langa n'kukhala bwinobwino. Ndinadziwa zimenezi. Ndinakhala pomwepo, kirimu ikusungunuka, yozizira, yofewa kuposa mmene ndinkaganizira miyezi yonse ija. Ndinatseka maso. Kenako ndinameza.

Palibe anaona. Amayi ankaimba chapansipansi m'chipinda chositira. Mvula inayamba ndi madontho akuluakulu pa malata, fungo la fumbi lonyowa n'kukwera, ndipo ine ndinanyamula mbale ija kukaisunga ngati palibe chachitika. Sindinadye kapena kumwa china chilichonse mpaka madzulo. Ndinkaganiza kuti mwina ndikapirira kwambiri maola otsalawo, dontho lija lichepa.

Mvula inakata dzuwa lili pafupi kulowa. Tinayala mkeka, amayi anabweretsa futali wa mbatata ndi masamusa amene a Anti anatumiza, ababa anafika mapewa atanyowa. Azana yoitanira mapemphero itamveka kuchokera ku mzikiti tinamasula ndi zipatso za tende ndi madzi. Ndiye ndinathamanga kukatenga botolo ndi mbale. Matambula aatali tinalibe. Ndinathira m'makapu athu a tiyi, ndipo pamwamba pa kapu iliyonse ndinaika kaphiri koyera ndi sipuni.

Ababa anamwa, anamwanso. Kirimu inatsalira pa ndevu zawo.

"Kani azungu aja ankathamangira izi," anatero. "Mayi ake mwana, mwanayu tisamukwatitse. Tivutika."

"Pukutani ndevu, mukuoneka ngati mbuzi yagwera mu ufa," anatero amayi, koma nawonso anali akupala kapu ndi sipuni.

Ine yanga ndinkangoizunguza. Ababa anaona.

"Wophika sakumwa. Mwatithira chiyani?"

"Ndinalawa masana," ndinatero. "Kirimu. Inali pa chala."

Ababa anaseka mpaka kutsokomola. Anati zimenezo si nkhani, munthu akadya moiwala kusala kwake sikuonongeka, ashehe amanena chaka ndi chaka. Anati iwo omwe tsiku lina anamaliza chikho cha madzi pa shopu asanakumbuke. Anandisisita pamutu, anavala chipewa chawo n'kupita ku mzikiti. Mawu awowo anali atanditsegulira khomo lothawira, ndipo ine ndinangolowamo. Ndinamwa milikisheki yanga. Inali yabwino ndithu, shuga anali atakwana.

Tinatsala awiri pa mpopi, kunja kusanade kwenikweni, amayi akutsuka ine ndikutsukuluza. Botolo la mayonezi linali lovuta kutsuka m'kati, ndipo dzanja langa lokha ndi limene linkalowamo. Ndili choncho, dzanja m'botolo, ndinati:

"Amayi, sindinaiwale mpaka kumapeto."

Sanatembenuke. "Fotokoza."

Ndinafotokoza zonse, za chala, za mpopi, za kutseka maso. Ndinkayembekeza kuti akalipa. Anatsuka kapu ina, anaiika pambali.

"Pomeza paja unkadziwa?"

"Ndinkadziwa."

"Ndiye tsikulo lapita. Udzalibweza Idi ikadutsa." Anatola kapu ina. "Inali yokoma?"

"Inali yokoma."

"Bola. Ukanataya tsiku chifukwa cha chinthu chosakoma ndikanakutsina."

Ndinafuna kuseka koma m'malo mwake ndinalira, misozi yambiri yopanda phokoso. Ndinati ndinalonjeza mwezi wathunthu, ndinasayina, ndipo tsopano ngakhale nditasala masiku onse otsala padzakhala bowo pakati. Amayi anapukuta manja pa chitenje n'kukhala pa chidebe chovundikira.

"Iwe ukuona ngati ine ndimamaliza mwezi?"

Ndinawayang'ana. Chikhalire ndinali ndisanawaonepo akudya masana m'Ramadhani.

"Sabata yoyamba ija, masiku asanu ndi limodzi, ndinkamwa tiyi m'chipinda chositira. A Anti ndi amene ankandipangira. Sabata yathayi ndinkawapangira ndine." Anatsitsa mawu ngakhale panalibe wina. "Mkazi akakula, pamakhala masiku amene saloledwa kusala. Aphunzitsi anu a ku madrasa anakuuzani, koma iwe unkaona ngati akunena za anthu ena. Chaka chamawa kapena chinacho udzakhala m'gulu lathu. Timabweza mwakachetechete, wina aliyense akudya, popanda masamusa a munthu."

"Ndiye chaka chino chinali chokhacho choti ndikanamaliza?"

"Mwina. Kapena udzamaliza uli nkhalamba yopanda mano, kirimu ili yokhayo imene ungathe kudya."

Ndinatulutsa dzanja m'botolo. Ndege ina inkadutsa pamwamba pa madenga onyowa, magetsi ake atayaka kale, ndipo ndinaitsatira ndi maso mpaka inabisika kuseri kwa mtengo wa mapichesi wa a Anti. Ndinkamva chisoni, komanso china chimene ndinalibe dzina lake, ngati ndaitanidwa kulowa m'chipinda chimene ndinkangodutsa pakhomo pake.

"Ababa tiwauze?"

"Ababa ako asiye akhale ndi nkhani yawo ya chikho cha madzi," anatero amayi akuimirira. "Sukulu ikatsegulira tidzasankha Lolemba lina. Ine ndidzayamba anga asanu ndi limodzi, iwe lako limodzi. Ndidzakudzutsa ndine. Tsopano tsukuluza botololo, sopo akadali m'kati."