Boti Louma la Kuseri kwa Nyumba

Wometa uja wa kashopu koyandikana ndi poimikira mabasi sanali munthu wa m'madzi ayi. Kusambira sankatha, ndipo mpaka lero satha. Amene anamukokera ku za nsomba ndi mng'ono wake, dalaivala wa lole, munthu waphokoso woti akalowa m'shopu wailesi imasowa ntchito. Iyeyo ankati moyo wongoyang'ana nkhongo za anthu udzawakalambitsa msanga achimwene ake.

Posankha boti panali kukangana kokhakokha. Dalaivala ankafuna la faibala, looneka ngati pulasitiki, lopepuka, longoponya pa lole. Wometa anati iye sangakwere beseni. Anayenda akugogoda maboti a eni ake, kuwanunkhiza, kuwabaya ndi chikhadabo, mpaka anapeza lakale la matabwa, lopanda injini. Lamlungu lililonse awiriwo ankapita kudamu, n'kubwerako ndi tinsomba toti ngakhale mphaka ankatiyang'ana monyoza, koma nkhani zake zodzaza shopu sabata yonse.

Tsiku lina masana mbedza inakola chitsa cha pansi pa madzi. Dalaivala anaweramira kunja kuti aiwonjole, phazi linaterereka, basi anagwera m'madzi. Wometa anakuwa, anatambasula nkhafi, koma kudumpha sanadumphe. Akanadumpha maliro akanakhala awiri. Anthu anamuuza zimenezi kambirimbiri, iye n'kumangovomera ndi mutu.

Maliro atatha wometa analikoka botilo, analikhazika pa matayala akale kuseri kwa nyumba, n'kulimangira kadenga ka malata. Kusamala kwake, inu! Penti chaka ndi chaka, fumbi kupukuta, mvula osaligwera ngakhale dontho. Mkazi wake ankati akanakhala kuti iye amasamalidwa choncho bwenzi anyamata akumuimbirabe likhweru. Koma nthabwala zinkamuthera akamuona mwamuna wake ataima pakhomo la khitchini, khutu lili tcheru. Bamboyo ankati akumva madzi akumenya matabwa, pabwalo pouma gwa. Kuntchito nako, nthawi zina akayang'ana pagalasi mutu wa kasitomala unkaoneka wonyowa, ndipo ankazimitsa kaye makina.

Amene anatopa nazo ndi mlamu wake, mkazi wa malemu. Ananena mosapsatira kuti nthawi zonse akabwera kudzacheza amaona ngati kuseriko kwagona bokosi, ndipo ana amaopa kupita kukatunga madzi pampopi. Alikwere kapena aligulitse, apo ayi iye ndi anawo sadzapondanso pakhomopo. Wometa ankawakonda ana aja kuposa maso ake, koma kugulitsa botilo sakanatha. Ndiye anaitana mmisiri wa maboti kuti aone ngati lingakwerekenso.

Mmisiriyo anagwada, anasuzumira kunsi, n'kuona dzuwa likudutsa m'mipata ya matabwa ngati m'dengu.

"Mwaliumitsa, bambo," anatero. "Boti la matabwa limafuna kumwa."

Anafotokoza kuti matabwa akauma amabwerera, mipata n'kutseguka, ndipo penti siithandiza kanthu. Mankhwala ake ndi kulimiza dala pamadzi osaya, kuika miyala mkati, n'kulisiya mpaka matabwa atatupa n'kugwirananso.

Kumiza. Atamva mawuwo, wometa sanadye tsikulo. Komabe analimiza, ndipo miyala anaika ndi manja ake, osalola wina. Anaona madzi akukwera pang'onopang'ono mpaka penti yake yonse ija inasanduka chithunzithunzi chobiriwira pansipo. Shopu inakhala yotseka masiku amenewo, makasitomala akudandaula ndi tsitsi lawo. Iye ankakhala m'mphepete mwa damu atagwira chingwe cha boti mwamphamvu, chonsecho chingwecho chinali chomangirira kale pachikhomo.

Tsiku lolivuula mkazi wake anabwera, mlamu wake nayenso anabwera. Anachotsa miyala, anakapa madzi ndi zidebe, ndipo boti linayandama bwinobwino osalowanso madzi. Mmisiri anati akwere aliyese.

Wometa anakwera. Anakhala pansi, anatola nkhafi imodzi, n'kuyamba kupalasa. Boti linapendekekera mbali imodzi ndipo linangozungulira pomwepo, osapita patsogolo. Anapalasanso, linazunguliranso. Thupi linali litamukhazika kumapeto kwa thabwa lokhalira, pamalo ake akale, poti kale ankakhala mapewa ogundana ndi mng'ono wake, aliyense ndi nkhafi yake.

"Sunthirani pakati, bambo," anatero mmisiri ali kumtunda. "Muli nokha."

Mlamu uja anatembenuka n'kubisa nkhope paphewa la mkazi wa wometa. Wometa anamva bwinobwino, koma anakhala kaye pomwepo akuyang'ana thabwa lonyowa pambali pake. Kenako anasuntha pang'onopang'ono ngati munthu wopempha malo m'basi, n'kutola nkhafi inayo. Dzanja lake lamanzere silinkadziwa n'komwe kagwiridwe kake.